GITALA YAMAGETSI YA MPHAKO

Ana inu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, tiyeni tiyambe nkhani yathu ndi cinthu cimene mucidziwa kale. Tengani kalimba ndi kuiliza m'manja cabe. Mau ake amveka, koma ngaang'ono. Munthu wokhala kuseri kwa nyumba sangawamve. Tsono iikeni pakamwa pa cigubu couma ndi kuilizanso. Mudzamva kuti mau aja akula, ndiponso akoma. Kalimba ndi yomweyo, zala ndi zomwezo. Cimene caonjezeka ndi mphako ya cigubu pamodzi ndi mpweya wokhala m'menemo. Makolo athu anaidziwa nzeru imeneyi kalekale, ndipo n'cifukwa cake anamangirira zigubu kunsi kwa ulimba.

Gitala nayonso imadalira nzeru yomweyi. Nsambo payokha ilibe mau ambiri. Cimene cimaikuzira mau ndi bokosi lija lopanda kanthu m'kati. Lero tidzasimba mbiri ya gitala ya mtundu wina, imene inachuka ku America kuyambira m'caka ca 1936. Gitala imeneyi ili ndi zinthu ziwiri pamodzi: ili ndi mphako monga magitala akale, ndiponso imalira ndi magetsi monga magitala a masiku ano. Anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana amafunafuna magitala akale a mtundu umenewu nawasunga ngati cuma, ndipo ena amalipira ndalama zokwanira kumangira nyumba kuti apeze imodzi yokha. Kodi n'ciani cimene amaona m'bokosi lakale la matabwa? Kuti tiyankhe funso limeneli, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kuona bvuto limene linacititsa kuti gitalayi ipangidwe.

Gitala imene sinali kumveka

M'tauni ya Kalamazoo, m'cigawo ca Michigan ku America, munali mmisiri wina dzina lake Orville Gibson, amene anabadwa mu 1856. Amisiri anzake popanga gitala anali kulumikiza matabwa opyapyala, athyathyathya. Gibson sanatero iai. Iye anali kutenga thabwa locindikala ndi kulisema pang'onopang'ono kufikira litatukuka pakati ngati msana wa fulu, monga momwe amisiri amasemera vayolini. Mu 1902 anthu asanu amalonda a m'tauniyo anasonkha ndalama nayamba kampani yochedwa ndi dzina lake.

Patapita zaka makumi awiri, mu 1922, katswiri wina wa kampaniyo, Lloyd Loar, anakonza gitala yochedwa L-5. M'malo mwa cibowo cimodzi cozungulira pakati, iye anaboola zibowo ziwiri zazitali, cina uku cina uku, zooneka ngati cilembo ca f. Mukaona gitala pa cithunzi ili ndi msana wotukuka ndi zibowo zoterezo, dziwani kuti ndi mdzukulu wa L-5.

Pa nthawiyo ku America kunali kufalikira nyimbo zochedwa jazi, zimene zinayambira pakati pa anthu akuda a kum'mwera kwa dzikolo, makamaka mumzinda wa New Orleans. Pofika zaka za m'ma 1930 magulu oimba jazi anali atakula kwambiri. Gulu limodzi linali kukhala ndi anthu oposa khumi: oliza malipenga, masakisofoni, piyano ndi ng'oma. Anali kuimba m'nyumba zazikulu zobviniramo, zodzaza ndi anthu mazana ambiri. Pakati pa phokoso lonselo, woliza gitala anali ngati mwana wolankhula pa bwalo la akulu: pakamwa pali kugwedezeka koma palibe womumva. Nchito yake inali kungokhwacha nsambo zonse pamodzi kuti anzake asatayike pa mayendedwe a nyimbo. Woliza lipenga anali kuimirira ndi kuimba yekha anthu namuombera m'manja. Woliza gitala anali kukhala kumbuyo.

Amisiri anayesa kukulitsa bokosi kuti mau akule. Mu 1934 kampani ya Gibson inatulutsa gitala yaikulu yochedwa Super 400, ya masentimita 46 m'mimba mwake, yogulidwa ndi madola 400. Mau anakuladi, koma osafika pa lipenga. Bokosi likadakula kuposa pamenepo, munthu sakadatha kulikumbata. Panafunika nzeru ina.

Maginito ndi waya wa mkuwa

Nzeruyo inacokera kumzinda wa Los Angeles. Kumeneko woimba wina, George Beauchamp, anali kuyesayesa njira zokuzira mau a nsambo ndi magetsi, ndipo mu 1931 zinatheka. Caka cotsatira iye ndi mnzake Adolph Rickenbacker anayamba kugulitsa gitala yaing'ono yacitsulo, ya khosi lalitali ndi thupi lozungulira, imene anthu anaipatsa dzina la Cingelezi lotanthauza ciwaya. Inali yoliza utaigoneka pamiyendo, monga amacitira anthu a ku Hawaii.

Cinsinsi cake cinali kacipangizo kochedwa pikapu. Pikapu ndi maginito okhala ndi waya wa mkuwa wopyapyala ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo zikwi zingapo. Mkuwa wake ndi citsulo ca mtundu womwewo umene umakumbidwa m'migodi ya kwathu kuno. Nsambo yacitsulo ikanjenjemera pamwamba pa pikapu, imagwedeza mphamvu ya maginito aja, ndipo m'waya muja mumabadwa magetsi ocepa kwambiri, amene amabvina mofanana ndi nsamboyo. Magetsiwo amayenda m'cingwe kupita ku ampulifaya, bokosi limene limawakuza ndi kuwasandutsa mau pa sipika.

Kampani ya Gibson itaona zimenezi inauza wanchito wake Walter Fuller kuti akonze pikapu yaoyao. Mu 1935 anayamba ndi gitala yogoneka pamiyendo, ndipo mu 1936 anatulutsa ES-150. Zilembo E ndi S zimaimira mau a Cingelezi otanthauza gitala yamagetsi ya Cisipanishi, ndiko kuti gitala wamba yoliza utaikumbata. Nambala 150 inali mtengo wake: madola 150 pogula gitala, ampulifaya ndi cingwe pamodzi.

Tiyeni tiipenyetsetse gitala imeneyi. M'mimba mwake ndi masentimita 41. Thabwa lapamwamba ndi la mtengo wa spruce, wopepuka ndi womveka bwino, losemedwa motukuka ndi kubooledwa zibowo ziwiri za f. Kumbuyo ndi m'mbali ndi matabwa a maple, ndipo khosi ndi la mahogany, mtengo wa fuko limodzi ndi mbawa. Utoto wake ndi wakuda m'mphepete, nuyera pang'onopang'ono kufikira pakati pamene pali cikasu, ngati thambo dzuwa likamalowa. Pikapu ili pafupi ndi khosi. Maginito ake awiri aatali abisika m'kati mwa mphako, ndipo amangidwa ndi misomali itatu yopota imene imaoneka pa thabwa lapamwamba. Misomali itatu imeneyi ndiyo cizindikilo cimene odziwa amazindikirira ES-150 yoyambirira angakhale ali patali.

Onani kuti amisiri sanataye nzeru yakale pofuna yatsopano. Anasiya mphako monga inaliri, naonjezerapo magetsi. Motero mau otuluka pa sipika anali ndi kukoma kwa mtengo ndi mpweya, komanso anali ndi mphamvu yopikisana ndi lipenga. Cimene cinatsala ndi munthu woti aonetse dziko zimene gitala yotere ingacite.

Mnyamata wa ku Oklahoma

Munthuyo anali Charlie Christian. Iye anabadwa pa 29 July 1916 ku Bonham, m'cigawo ca Texas, nakulira mumzinda wa Oklahoma City. Banja lao linali losauka. Atate ake anali osapenya, ndipo anali kuimba m'miseu pamodzi ndi ana ao kuti apeze cakudya. Ralph Ellison, amene pambuyo pake anakhala mlembi wochuka wa mabuku, anakula naye mumzinda womwewo, ndipo anasimba kuti Charlie ali pa sukulu anali kudzipangira magitala ndi timabokosi toikamo fodya. Inu amene munapangapo banjo ndi cigubu ca mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, dziwani kuti katswiri ameneyu anayamba monga inu.

Atakula anapeza gitala ya ES-150, ndipo anaona cinthu cimene ambiri anali asanacione. Popeza tsopano nsambo imodzi yokha inali kumveka m'nyumba yonse, panalibenso cifukwa cokhwachira zonse pamodzi nthawi zonse. Iye anali kumvetsera oliza sakisofoni, makamaka Lester Young, nayamba kuliza gitala monga iwo: liu limodzilimodzi, motsatana, ngati munthu wolankhula. Anthu odutsa kunja atamva anali kuyesa kuti m'katimo muli sakisofoni. Panali ena amene anayesapo gitala yamagetsi iye asanachuke, monga Eddie Durham ndi George Barnes, koma palibe amene anaiyankhulitsa monga Charlie.

Mai wina woliza piyano, Mary Lou Williams, anasimba za mnyamatayu kwa John Hammond, munthu wofufuza oimba aluso. Mu August 1939 Hammond anamutengera ku Los Angeles kuti akamuonetse kwa Benny Goodman, mtsogoleri wa gulu lochuka koposa pa masiku amenewo. Malinga ndi m'mene Hammond anasimbira, Goodman poyamba sanasamale za mnyamatayu. Madzulo ake, m'nyumba yodyeramo imene gululo linali kuimba, Hammond ndi mnzake anakweza ampulifaya ya Charlie pa nsanja Goodman atapita kukapuma. Pobwera Goodman anakwiya, nasankha nyimbo yochedwa Rose Room, poyesa kuti mnyamata wa kumidzi sangaidziwe. Koma Charlie anali kuidziwa. Analiza, nabwereza, nabwerezanso, ulendo uliwonse ndi nzeru zatsopano, kotero kuti nyimbo ya mphindi zowerengeka inatha pafupifupi mphindi 40. Usiku womwewo analembedwa nchito.

Tiyenera kukumbukira kuti pa nthawiyo ku America kunali tsankho lalikulu. M'zigawo zambiri munthu wakuda sanali kuloledwa kudya kapena kugona m'hotela imodzi ndi mzungu, monga momwe agogo athu anali kugulira zinthu pa zenera m'masiku a atsamunda. Goodman anali mzungu, koma anali atalemba kale nchito oimba akuda awiri, Teddy Wilson ndi Lionel Hampton. Tsono mnyamata wakuda wa zaka 23 anakhala kutsogolo kwa nsanja, gitala pa cifuwa, ndipo dziko lonse la America linamumva pa wailesi ndi pa marekodi. Mu 1941 gulu lonse la Goodman linajambula nyimbo ya Solo Flight, m'mene malipenga onse anali kuperekeza gitala. Cida cimene cinali kukhala kumbuyo cinasanduka mtsogoleri.

Akaweruka nchito usiku, Charlie anali kupita ku Minton's Playhouse, ku Harlem mumzinda wa New York, kukaimba mpaka mbandakuca ndi acinyamata anzake monga Thelonious Monk ndi Kenny Clarke, amene anali kuyambitsa jazi wa mtundu watsopano. Koma akulu anati ng'oma yomveka sicedwa kung'ambika. Charlie anali kudwala cifuwa cacikulu, ndipo kusagona kunamufooketsa. Mu June 1941 anagonekedwa m'cipatala, namwalira pa 2 March 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Zaka zake za kuchuka sizinakwane zitatu, koma kufikira lero pikapu ya ES-150 yoyambirira imachedwa ndi dzina lake.

Mwa amene anamva marekodi ake munali Wes Montgomery wa ku Indianapolis, amene anaphunzira gitala mwa kutsanzira Charlie liu ndi liu. Popeza anali kuphunzira usiku ataweruka nchito, anali kuliza ndi cala cacikulu kuti asasokoneze anthu ogona, ndipo mau ofewa a cala cimeneco pa gitala ya mphako anam'sandutsa katswiri wa m'badwo wotsatira.

Nkhondo itatha

Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse zitsulo ndi maginito zinafunika ku nkhondo, ndipo fakitale ya ku Kalamazoo inatembenukira ku nchito zothandiza asilikali. Amuna ambiri atapita, akazi ndiwo analowa m'malo mwao. Magitala amagetsi anayambanso kupangidwa nkhondo itatha, ndipo mu 1949 kunatuluka ES-175, ya madola 175, imene oimba jazi ambiri anaikonda koposa. Jim Hall, Herb Ellis ndi Joe Pass onse anaimbira imeneyi.

Kusiyana kwake ndi ES-150 kunali kutatu. Coyamba, thabwa lapamwamba silinali losema. Anali kumata matabwa opyapyala angapo pamodzi ndi kuwapsinja m'cikombole cotentha kufikira atatukuka. Thabwa lotere ndi lolimba, losang'ambika msanga, ndipo ndi lochipa kupanga. Caciwiri, anadula phewa limodzi la bokosi, pafupi ndi khosi, nasiya nsonga yakuthwa ngati nyanga, kuti dzanja lifike mosabvuta pa mau ang'onoang'ono a kumunsi kwa khosi. Cacitatu, pikapu inali ya mtundu watsopano. Kuyambira 1953 panalinso ES-175 ya mapikapu awiri: ya kukhosi yopereka mau ofewa ndi akuya, ndi ya kumunsi yopereka mau akuthwa.

Cinthu cina cimene cinatsala monga kale ndi mtsamiro wa nsambo, kathabwa kaja kamene nsambo zimagonapo pakati pa mimba. Pa magitala amenewa mtsamirowo sumatidwa kapena kukhomedwa. Umangogwidwa ndi kukoka kwa nsambo. Mukamasula nsambo zonse pamodzi umagwa pansi, ndipo kuubwezera pa malo ake enieni kumafuna khutu labwino.

Mapikapu oyamba anali ndi cilema cimodzi: anali kutola kulira kwa magetsi a m'nyumba, motero sipika inali kung'ung'udza ngati njuci. Katswiri wina wa Gibson, Seth Lover, anapeza mankhwala ake mu 1955. Anaika mikulungo iwiri ya waya yoyang'anana mosemphana, kotero kuti kung'ung'udza kwa wina kunazimitsa kwa mnzake, koma mau a nsambo natsala. Pikapu imeneyi inaikidwa pa ES-175 kuyambira 1957.

Mphako ikasanduka mdani

Komatu mphako yomwe inali kukometsa mau ndiyo inalinso bvuto lalikulu. Mwina munamvapo cinkuza mau cikulira cokha mokwiyitsa makutu pa msonkhano kapena m'chalichi. Gitala ya mphako nayo imacita cimodzimodzi. Ampulifaya ikakwezedwa kwambiri, mau ocokera pa sipika amagwedeza thabwa lapamwamba; thabwalo limagwedeza nsambo; pikapu imatolanso kugwedezekako ndi kukutumiza ku sipika; ndipo zimazungulira cotero mpaka gitala ikuwa yokha ngati galu wa usiku. B.B. King, katswiri wa nyimbo za blues, anali kutsekera nsanza m'zibowo za gitala yake pofuna kuletsa zimenezi.

Amisiri ena anaganiza zocotseratu mphako. Mu 1950 Leo Fender wa ku California anayamba kugulitsa gitala yopangidwa ndi thabwa limodzi lolimba, lopanda mphako konse, ndipo mu 1952 Gibson nayo inatulutsa yake yochedwa Les Paul. Magitala amenewa anali kupirira phokoso lalikulu, ndipo ndiwo anadzafala pa dziko lonse. Koma mu 1958 Ted McCarty, mkulu wa kampani ya Gibson, anapeza njira yapakati. Anapanga ES-335, gitala yopyapyala yokhala ndi cipika ca mtengo wa maple copingasa m'kati kucokera kukhosi kufikira kumunsi, ndi timphako tiwiri m'mbali. Ciyambire pamenepo pali mitundu itatu: ya mphako yonse, ya mphako ya theka, ndi yopanda mphako.

Ngakhale zinali conco, ya mphako yonse sinafe. Scotty Moore anaimbira Elvis Presley ndi ES-295 pa marekodi ake oyamba mu 1954. Kampani ya Gretsch ya ku New York inatulutsa gitala yochedwa 6120 mu 1955, mogwirizana ndi Chet Atkins. Ku England, atatu mwa anyamata a gulu la Beatles anali ndi Epiphone Casino, gitala yopyapyala koma ya mphako yonse, ndipo John Lennon anaimbira yake pamene gululo linaimba kotsiriza pamaso pa anthu, pa denga la nyumba ku London pa 30 January 1969.

Cifukwa cake anthu amawafuna

Tsopano tingathe kuyankha funso lathu lija. Magitala a mphako akali kupangidwa, ndipo ambiri atsopano ndi abwino. Nanga n'cifukwa ninji anthu amalimbirana akale, makamaka a pakati pa 1936 ndi zaka za m'ma 1960?

Cifukwa coyamba ndi mau. Liu la gitala ya mphako limatuluka lonenepa ndi lofunda, silicedwa kuzilala, ndipo limapatsa malo liu lotsatira. Woliza amamva bokosi likunjenjemera pa cifuwa cake, ndipo angathe kuimba m'nyumba ngakhale popanda magetsi. Oimba ambiri amati mtengo umene wauma ndi kulizidwa zaka makumi asanu ndi limodzi umamveka bwino kuposa watsopano. Ndiponso mapikapu a m'zaka za m'ma 1950 sanali kukulungidwa mofanana ndendende, motero gitala iliyonse ili ndi liu lakelake monga munthu.

Caciwiri ndi kusowa kwake. Pikapu ya Charlie Christian inaikidwa pa ES-150 kwa zaka zinai zokha, pakuti mu 1940 anaisintha. Fakitale ya Gibson ya ku Kalamazoo inatsekedwa mu 1984 nchito itasamukira ku Nashville, ngakhale kuti amisiri ena amene anakana kusamuka anayamba kampani yaoyao ya Heritage m'nyumba yomweyo mu 1985. Mtengo wa rosewood wa ku Brazil, umene unali kuyalidwa pa khosi pamene zala zimaponda, unadulidwa mopambanitsa, kotero kuti mu 1992 maiko anagwirizana kuletsa malonda ake. Ili ndi phunziro kwa ife amene tili ndi mitengo ya mukula ndi mbawa.

Cacitatu ndi mbiri. Gitala imene inagwidwa ndi munthu wochuka imakwera mtengo kopambana. Mu 2004 ES-335 ya Eric Clapton inagulitsidwa ku New York pa madola 847,500, pa msika umene cinthu cimapita kwa wochula ndalama zambiri. Koma ngakhale gitala ya munthu wosadziwika ili ndi mbiri yake yolembedwa pa thupi: utoto wofufuma kumbuyo kwa khosi pamene dzanja linali kukhuza, ndi timing'alu tating'ono m'vanishi ngati ukonde wa kangaude, tobwera ndi kusinthana kwa kutentha ndi kuzizira.

Cifukwa ca mitengo yotere, akuba nzeru nawo saona tulo. Ena amakalambitsa dala gitala yatsopano, ena amasintha zitsulo zake. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Motero wogula wanzeru amasuzumira m'cibowo ca f ndi kaloole kakang'ono ndi toci, kuti aone pepala la kampani ndi manambala osonyeza caka. Amaona ngati pikapu, mabatani ndi zikhomo zopotera nsambo zili zoyambirira. Ngati khosi linathyokapo pafupi ndi mutu. Ngati thabwa lapamwamba layamba kutitimira. Ndiponso ngati mkombero wapulasitiki wa m'mphepete wayamba kufumbutuka. Codabwitsa n'cakuti gitala yopakidwa utoto watsopano imatsika mtengo kwambiri, ngakhale ikuwala. Osunga zinthu zakale amafuna zipsera zenizeni koposa kukongola kobwereka.

Pali nkhani imodzi imene anthu amatsutsana. Ena amagula magitala amenewa ndi kuwatsekera m'makabati a galasi, kudikira kuti mtengo ukwere. Akatero gitala imasungika bwino, koma woimba wacinyamata sangaikhudze. Ena amati cida coimbira cimene sicilizidwa cili ngati ng'oma yopacikidwa kudenga. Kumbukirani kuti ES-150 inapangidwa cifukwa ca munthu amene anali kufuna kumveka. Kodi inu muganiza bwanji?

Nafenso tili ndi zida zakale. M'midzi ndi m'makomboni muli makalimba, mabanjo ndi magitala amene agogo anaimbira, ena ali kudyedwa ndi ciswe kuseri kwa nkhokwe. Mukapeza cida cotere musacitaye kapena kucipaka utoto. Cisungeni pouma, kutali ndi dzuwa ndi moto. Funsani akulu kuti anacipanga ndani, ndi mtengo wanji, m'caka canji, ndipo anaimbira pa zocitika zotani. Zimene akuuzani muzilembe m'kope lanu.

Kwa aphunzitsi

Uzani ana kuti abwere ndi thabwa, cigubu copanda kanthu, waya ndi misomali iwiri. Ayambe amanga waya pa thabwa lokha ndi kuuliza. Kenaka agoneke thabwalo pa cigubu ndi kulizanso. Potsiriza adzaze cigubuco ndi nsanza kapena mcenga, amvenso. Aloleni afotokoze okha kusiyana kwa mau atatuwo.

Mafunso

1. Kodi woliza gitala anali ndi bvuto lotani m'magulu akuluakulu a jazi?
2. Chulani zinthu ziwiri zimene zimapanga pikapu.
3. Kodi nambala 150 pa dzina la ES-150 inali kuimira ciani?
4. Charlie Christian anasintha motani kalizidwe ka gitala?
5. Fotokozani cifukwa cake gitala ya mphako imakuwa yokha ampulifaya ikakwezedwa.
6. Kodi cida cakale coimbira ciyenera kutsekeredwa kapena kulizidwa? Perekani zifukwa zanu.